Mayi wa Pakati pa Msewu

Benedeta anali atangonyika jasi lachikasu la amuna ake m'beseni pamene Nelia, mnzake wogulitsa tomato, anatulukira kuseri kwa nyumba akupuma wefuwefu.

"Amake Yankho, siyani zochapazo. Akhansala afika pamsika. Akuti mukalankhuleko inu."

"Ine? Azibambo onse a pa Msundwe pano atupa pakamwa?"

Anapukuta manja pachitenje. Tsitsi linali lomasula mbali imodzi, ntchito yomwe anaiyamba sabata yatha. Kuphazi patapata wina wofiira, wina wobiriwira, poti anzawo anapita ndi galu. Ananyamuka momwemo. Mayi wa ana anayi kalilole amangomumvera kwa anthu.

Nkhaniyo ankaidziwa. Amalonda ankapempha khonsolo zinthu ziwiri: mahampu ochepetsa liwiro la magalimoto pamsewu wa ku Mchinji, ndi namwino woona odwala maganizo kuti azibwera pafupi. Za mahampu panalibe womuphunzitsa. M'mawa uliwonse, mashopu asanatsekule, ankawolotsa ana ake ndi a eni kupita kusukulu, malole akudutsa ngati akuthawa nkhondo. Za namwino nazo zinali za m'nyumba mwake. Mlongo wake Isaki, wodwala maganizo, mankhwala ankakatenga m'tauni, ndipo mwezi wosowa thiransipoti banja lonse silinkaona tulo.

Pansi pa mtengo wa mango, a Enock, apampando a amalonda, anali atayamba kale.

"Bwana, pano pali mayi wina wozungulira mutu. Madalaivala atopa naye. Kukangocha ali pakati pa msewu, mkono m'mwamba, kukalipira malole. Kwawo sitikudziwako. Tsiku lina tidzaimba za maliro."

"Ingomumangani," anatero wina kumbuyo.

Benedeta sanadikire kuitanidwa.

"Kumumanga ngati mbuzi ya pamsika, eti? Mayiyo ine sindinamuonepo, m'mawa ndimakhala ndi zochita. Koma ndi mwana wa munthu. Mwina ali ndi ana. Mwina watopa, mutu wakana. Matenda amenewa ali ndi mankhwala, akhansala, ine ndimaperekeza mlongo wanga kukatenga. Kungoti mankhwalawo ali kutali, pomwe malole ali pakhomo. Tipatseni namwino, tipatseni mahampu, ine ndikachape."

Anthu anaomba m'manja. Benedeta anakhala pabenchi, maganizo ali kubeseni.

Akhansala anakanda pachibwano. Anati zopempha n'zambiri, thumba n'limodzi, ndipo kumsonkhano wa bajeti anthu amamva ndi maso. Kodi umboni ulipo?

A Enock anatulutsa foni. Dalaivala wina wa minibasi anamujambula mayiyo dzana, mu nkhungu ya m'mawa. Akhansala anayang'ana, napukusa mutu.

"Zomvetsa chisoni. Nditumizireni chithunzichi. Ndi ichi, palibe akandikanize."

Foni inayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akuti mayo, wosauka. Inafika kwa Benedeta kumapeto. Anaiyang'ana nthawi yaitali, naibweza.

"Wovutikadi ameneyu," anatero, akukokera mapazi pansi pa benchi.

Anadikira anthu abalalike, ndipo anadzera njira ya kuseri kwa chigayo. Nelia anamutsatira, akuluma milomo kuti asaseke.

"Amake Yankho, kodi tiwauze a Enock?"

"Uwauze chiyani? Ukufuna mlongo wanga azipitabe m'tauni?"

Benedeta anagwada pabeseni, navuula jasi lija, madzi akuchucha. Pachithunzi paja mayiyo anali atafulatira, ana atabisika kuseri kwa lole, koma zina zonse zinaoneka bwino: jasi lachikasu, patapata wofiira, patapata wobiriwira.

"Tandipatsira sopoyo," anatero Benedeta, akuyamba kutikita kolala. "Liume lero lomwe. Wamisalayo mawa ali pantchito mpaka mahampu abwere."