Masanzi Ofunda Pampando Wakumbuyo

Eni ake atsopano a paki yamasewera kufupi ndi mzinda wa Oshawa anatseka kasitima ka m'pakimo kothamanga m'mwamba. Ankati kakungodya ndalama, pamalopo amangapo nyumba za lendi. Magetsi ake anadula chaka chatha.

Kutangoda, Zelipa wokolopa anapita kukatenga ndowa imene ankasunga pokwerera kasitimako. Fungo linamuchingamira. Pampando wakumbuyo wa kasitimako panali masanzi osakanikirana ndi mbuliwuli, akufuka nthunzi m'chisanu muja.

Analavula malovu, naimbira foni mlonda.

"A Darius, mwalowetsa ndani kuno? Zonyansazi ndatopa nazo ine."

"Geti ndakhoma kale, amayi. Mwatsala nokha."

Zelipa anagwira mphuno, nawerama kuti apukute. Kasitima kanasuntha pang'ono. Pafupi ndi khutu lake, munthu anageya.