Njinga ya Inisipekitala

Kalipentala anakhala pampando wa mu ofesi, chipewa pabondo, maso ali pachithunzi cha malemu Inisipekitala chimene anachipachika pamwamba pa kabati. Ngakhale pachithunzi munthuyo ankamwetulira ngati wadya za eni.

Apolisi anali atalengeza kuti akuunikanso milandu yakale, ndipo aliyense wodziwa kanthu za imfa ya wokonza mawotchi abwere. Panali patapita zaka makumi anayi chimupezereni atafa m'shopu yake, mutu utaphwanyidwa. Wakupha sanapezeke. Koma Inisipekitala anakwezedwabe, ndipo pamaliro ake mkazi wa kalipentala analira mpaka kumugwirira. Ichi ndicho chinamubweretsa. Ankafuna chithunzicho chitsike.

Mayi wapolisi wa magalasi anatsegula faelo yofiirira ndi ukalamba, namupempha kuti anene zimene akudziwa.

Kalipentala anayamba ndi njinga. Anati sabata zitatu zathunthu njinga ya Inisipekitala inkatsamira khoma la nyumba yake, nthawi zonse iye ali kuntchito. Kasanu ndi kamodzi! Anansi ankawerenga, iye n'kumamva. Akafunsa mkazi wake, ankangoti ndi mafunso a boma, n'kutembenukira kumbale. Mkazi amene sadziwa n'komwe kuwerenga wotchi angadziwe chiyani za wokonza mawotchi?

"Ndiye mukuti kafukufukuyu sanayende bwino, bambo?" anafunsa mayiyo.

"Kafukufuku wake uti, mwanangu? Ankafufuza mkazi wanga."

Anasendeza mpando pafupi. Mboni yeniyeni inali iye, koma sanafunsidwe ngakhale funso limodzi. Tsiku la imfalo iye anali m'shopumo, akukhoma mashelefu. Anakangana ndi wokonza mawotchiyo chifukwa ankati shelefu yapendama, mpaka anthu a pamsewu anaima kumvetsera. Iye anatuluka atapsa mtima, osatola ndi zida zomwe. Nyundo yake yabwino, ya chogwirira chimene anachiwotcha mizere itatu, inathera momwemo. Wapolisi wanzeru akanamufunsa amene anawaona pakhomo potuluka. Koma uyu ayi, maso anali pa chitenje.

Mayiyo analemba zonse mosafulumira. Anamuwerengera, namufunsa ngati wavomera kuti ndi mawu ake. Kalipentala anasaina ndi zilembo zake zikuluzikulu, mtima uli mbee. Zaka zonsezi ankadikira munthu woti amumvere.

Kenako mayiyo anavundukula mapepala a mufaelo mmodzimmodzi, kufikira asanu ndi limodzi, lililonse lili ndi chidindo cha chala chaching'ono pansi.

"Mwanena zoona, bambo, faeloyi ili ndi bodza," anatero. "Akuluakulu ankafuna mumangidwe. Kasanu ndi kamodzi anatuma Inisipekitala, kasanu ndi kamodzi mayi a kunyumba analumbira kuti tsikulo munagona ndi malungo, simunatuluke. Inisipekitala analemba kuti wakhulupirira, ndipo za chida chophera anati mwini wake sadziwika."

Anatsegula kabati ya pansi pa chithunzi chija, natulutsa thumba lapulasitiki, naliika patebulo pafupi ndi siginecha yake. Mizere itatu ija inkaonekabe bwinobwino.

"Tsopano tiyambirenso. Mwati munatuluka m'shopumo nthawi yanji?"