Mphaka wa Apongozi

"Mildred, mphaka wamkazi uja ndi ameneyu?" anafunsa mayi Angelina, akuloza padenga pomwe mphaka wawo ankakwera mphaka mnzake.

Bennet, mkamwini wawo, anazyolika. Mphakayo anabwera naye ndi iyeyo kuchokera kwa mzungu yemwe ankamuphikira ku Limbe. Tsikulo atamupapasa kunsi osapeza kanthu, analumbira kuti ndi wamkazi, adzaswa ana ambiri ogwira makoswe. Tsopano anazindikira kuti machende anabisala m'mimba, koma mawu otere angawatchule bwanji pamaso pa apongozi?

Mayiwo sanamuyang'ane n'komwe. Anatembenukira mwana wawo, yemwe chikwatiwire ndi Bennet anali asanaimepo.

"Waona, mwanangu? Uyu zake n'zobisika, koma akuyesetsa."