Nkhafi ya Geresomo

Fanuel anafika pakhomo pake akumwetulira, ukonde uli paphewa, nkhafi ili m'manja.

"Wandipatsa Geresomo, ulere!" anauza mkazi wake Magdalena, yemwe ankapala nsomba pakhonde. "Akuti usodzi wamukwana."

Magdalena anaika mpeni pansi. "Ndiye inu mwalandira?"

"Nanga ndikanakana? Mnzanga uja ulesi wamulowa. Dzuwa limafika paliwombo iye ali chigonere. Kudoko timangomuseka."

"Mlamba ndinamupititsira dzulo uja ndaupeza lero osaukhudza, nyerere zokhazokha. Bawo anasiya, kutchalitchi anasiya. Lero akugawa nkhafi imene anamusemera malemu bambo ake, inu n'kunena zikomo? Msodzi amene akuganiza za mawa amagawa nkhafi?"

Fanuel anayang'ana nkhafiyo. Pogwirira pake panali posalala, poda ndi thukuta la mnzake. Anakumbukira kuti pomupatsa, Geresomo anayang'ana kumbali, milomo itauma. Koma iye Fanuel anangomuyankha kuti, "Ukadzatopa nalonso bwato, undiuze," n'kuseka.

Ukonde unagwa paphewa. Anabwerera kwa Geresomo chothamanga, osamva n'kutentha kwa mchenga komwe.

Anamupeza m'nyumba atakhala pamphasa, zenera lili chitsekere masanasana.

"Waiwala chiyani?" anafunsa Geresomo motsitsa mawu.

Fanuel anatsamiritsa nkhafi ija kukhoma, n'kukhala pansi pambali pake. Maso analephera kudzutsa.

"Ndaiwala kukufunsa, m'bale wanga. Chikukudya mumtima n'chiyani? Ngakhale usayankhe lero, ine pano sindichoka."