Mpando Woyang'ana Kumbuyo

"Mwanayu tim'tembenuze basi," anatero bamboyo akutulutsa galimoto pamalo omwetsera mafuta. "Zaka ziwiri zakwana, koma akuyang'anabe kumbuyo ngati wapalamula."

Mkazi wake anapukusa mutu. "Bambo a mwana, khosi lake likadali lanthete, mutu ndiye wolemera. Titagundana ndi galimoto ina, mpando wake woyang'ana kumbuyowu ungamugwire mutu ndi msana womwe. Akayang'ana kutsogolo, mutu umaponyeka, khosi n'kuvulala."

"Nanga miyendo yapindikayo?"

"Wakudandaulirani? Mwendo amaumanga kuchipatala, nanga khosi?"

"Ngakhale amayi akugwirizana nane. Kumbuyoko mwana amaonako chiyani? Si choncho, amayi?"

Amayi a bamboyo, amene paulendowu ankakhala pambali pa mdzukulu wawo, sanayankhe. Kamwanako ndiko kanaseka, kakuwomba m'manja.

"Agogo akuthamanga! Agogo, bayi!"

Bamboyo anasuzumira pagalasi. Chapatali, amayi ake, omwe anatsika kupita kuchimbudzi iye akuthira mafuta, ankathamangira galimotoyo, nsapato zili m'manja.

"Imani," anatero mkaziyo motsitsa mawu. "Ndipo mukafotokoze nokha. Ine ndi apongozi anga sitinayambanepo."