Masamba Khumi ndi Awiri a Zikavuta

Odwala anali atandanda kale pawindo lolandirira mankhwala pamene bwana wa kampani yopanga mapulogalamu a pakompyuta anaponya chikalata patebulo.

"Mayi, masamba khumi ndi awiri awa achoke lero."

Chikalatacho chinkafotokoza zonse zimene pulogalamu yatsopano ya pachipatalapo iyenera kuchita. Anachilemba ndi mayiyo, amene kuofesi ankamutcha Nanga-Zikavuta chifukwa cha mafunso ake osatha. Nanga netiweki ikaduka? Nanga dzina la wodwala likapanda kupezeka? Masambawo ankati zikatero pulogalamu isaime: izigwiritsa ntchito zimene yasunga pakompyuta, odwala azilandirabe mankhwala, zina zonse zidikire. Anzake opanga pulogalamu anali atalimanga kale gawolo, akung'ung'udza. Koma kwa bwana gawolo linali lochititsa manyazi, ngati wogulitsa galimoto amene amayamba ndi kukuonetsani chingwe chokokera.

"Sindichotsa, bwana."

"Ndiye muchoka ndinu."

Tisanamizane, mayiyo anachita mantha. Ntchito sitola m'njira, ndipo kunyumba kunali ana awiri. Koma anauma mutu, maso ali gwa.

Bwana anaitana dokotala wamkulu kuti adzaone yekha, poti limenelo linali tsiku loyesa pulogalamuyo. Wopereka mankhwala anakhala pakompyuta. Anabwera bambo wa matenda a shuga, analandira. Mayi wa mwana wotentha thupi, analandira. Wa chifuwa, wa bala la pamwendo, onse ankachoka ndi timapaketi tawo m'manja. Maola atatu anatha, mzere unatha, popanda pamene kompyuta inakakamira.

Ha, bwana kunyada kwake! Chifuwa chinachita kutukumuka.

"Mwaona, adokotala? Makina athu sagwa. Zikavuta, zikavuta, nanga zavuta pati?"

Dokotala anagwedeza mutu movomereza. "Ngati zimayenda chonchi, masambawo ngosafunikadi."

Bwana anatambasula dzanja, cholembera chili pakati pa zala. "Khwatchani nokha, mayi. Apo ayi, siyani makiyi a kuofesi pomwepa."

Mayiyo sanachilandire cholemberacho. Anagwada, napisa dzanja kuseri kwa kabati ya mankhwala, n'kutulutsa waya wa netiweki, kumapeto kwake kuli lendelende.

"Ndinauzula tisanatsegule windo, bwana," anatero akusasa fumbi m'mawondo. "Chiyambire m'mawa mukutamanda masamba anga omwewa. Ndiye ndiyambe kukhwatcha liti?"