Masamba a Kabichi a Mayi Falesi

Panali wophunzira wina wa kuyunivesite, dzina lake Misheck, kwawo pa Dedza boma. Potsekera sukulu, aphunzitsi ake, bambo Ignasio, adatuma ophunzira onse kuti aliyense akasinthe chinthu chimodzi m'tauni yakwawo.

"Koma musanagwire kanthu, mukayambe mwakhala pansi ndi eni malo," adatero.

Misheck adaona ngati nkutaya nthawi. Msika wakwawo womwe, afunsenso ndani? Adamema anzake, nkuyamba kusesa mmawa uliwonse. Mulu wa masamba a kabichi ndi makoko a mbatata adaupakira pa wilibala pamodzi ndi mapulasitiki, nkukautaya kudzala. Msika udayera, zithunzi zake zidadzaza pa WhatsApp, mnyamata nkumayenda ngati khansala.

Sabata itatha, adapeza mayi wina ataima pamene pankakhala mulu paja, thumba lopanda kanthu lili m'manja. Anali mayi Falesi, mlimi wa nkhumba wakuseri kwa phiri.

"Achimwene, masamba aja mukupita nawo kuti?"

"Kudzala, mayi. Ndi zinyalala."

"Kwa inu ndi zinyalala. Nkhumba yanga yaswa ana asanu ndi awiri, imadya omwewo. Mkaka wauma, awiri afa kale."

Misheck adawatsatira mpaka kukhola. Ataona tiana totsalato tikukanganirana mawere ouma, adagwidwa manyazi. Adaimbira bambo Ignasio.

"Mudafunsa ndani?"

"Palibe."

"Basi bwererani, mukafunse amene mwawalakwirawo."

Misheck ankayembekeza kutukwanidwa, koma mayi Falesi adangomupatsa kampando. "Mtima wabwino muli nawo, makutu ndiwo mudaiwala kusukulu," adatero. Adamufotokozera kuti masamba amatoledwa masana ndi amayi anayi, ndipo chowasautsa ndi mapulasitiki osakanikiramo, amene amatsamwitsa nkhumba.

Mmawa mwake Misheck adaika madengu awiri, lina la masamba, lina la mapulasitiki. Msika udakhalabe woyera, mkaka udabwerera, ndipo tiana tisanu tidapulumuka.

Polemba lipoti, pamzere wa womuyang'anira ntchito, Misheck adalemba dzina la mayi Falesi. Bambo Ignasio adawerenga, sadafufute, adangosainira mmunsi mwake.

Phunziro: Safunsa adadya phula. Sukulu imakupatsa nzeru, koma mavuto a msika amawadziwa ndi amene amakhalamo. Tithokoze aphunzitsi otituma kwa anthu, ndi anthu otilangiza mmalo motithamangitsa. Tumizirani nkhaniyi wophunzira aliyense amene mukumudziwa asanatenge tsache.